Chithunzi cha pa Nkando

1

Dzina langa ndine Luckson. Mukafika pa Nkando n'kufunsa za wakabaza wa njinga yamoto yabuluu, ngakhale mwana akulozerani. Ndili ndi mkazi ndi ana atatu, ndimaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo kumudzi mwini mbumba ndine, poti amalume onse anatha. Anthu amati ndine munthu wolongosoka. Werengani mpaka kumapeto, kenako mudzanene nokha.

M'mimba mwa amayi tinabadwamo awiri, ine ndi mlongo wanga Jacqueline, yemwe pakhomo timangomuti Jaki. Bambo pomwalira n'kuti Jaki ali Sitandade 5. Ine ndinasiya sukulu n'kuyamba kabaza wa njinga yakapalasa, kunyamula anthu ndi matumba a nandolo, kuti mwanayo aphunzire. Njinga ija inkadziwika msika wonse, chifukwa Jaki anailukira timasokosi ta ulusi wofiira pa mahandulo, ati manja anga asamatuluke matuza. Anzanga ankandiseka kuti njinga yanga imamva kuzizira, koma ine ndinkanyadira.

Jaki ndi wakuthwa mutu. Anasankhidwira kusekondale yogonera komweko, kenako kukoleji, komwe anaphunzira zoyeza magazi. Atamaliza anakhala pakhomo zaka ziwiri, kulemba makalata ofunsira ntchito mpaka zala kuuma. Ndiye mu Meyi chaka chatha, bungwe lina la zaumoyo lomwe lili ndi ofesi chakuboma linamuitana ku intavyu. Pa anthu makumi anayi anatsala yekha. Anamuimbira foni kuti ntchito ndi yake, kwangotsala kufufuza mbiri yake basi.

"Afufuze, afufuze!" anatero amayi, akuvina pabwalo chitenje chili m'manja. "Mwana wanga sanabepo ngakhale nthochi imodzi."

Ndinaseka nawo. Tsiku limenelo ndinapha tambala wanga wamkulu.

2

Lolemba lotsatira anamuitananso kuofesi kuja. Ndinamutenga ndekha panjinga, ndipo ndinamudikira panja pa geti. Ndinkaganiza kuti atuluka atanyamula yunifolomu. Anatuluka atanyamula pepala limodzi, nkhope itagwa.

"Tiyeni, achimwene," anangotero.

Titafika pa Chitakale anandigwira paphewa kuti ndiime. Tinaima kuseri kwa filingi siteshoni, n'kundipatsa pepala lija.

Anali atasindikizapo uthenga wa pa Fesibuku, wolembedwa mu Okotobala 2017 m'gulu lina la nkhani za kwathu kuno. Amene munali ku Mulanje chaka chimenecho mukukumbukira mphekesera za anamapopa, zoti kwabwera anthu opopa anzawo magazi. Anthu anachita mantha mpaka misala. Mlendo aliyense wonyamula chikwama ankamuyang'ana ndi diso lofiira.

Papepalapo panali chithunzi cha bambo wina ataima pambali pa njinga yamoto pamsika wa Nkando, kumbuyo atamangirira bokosi loyera la azaumoyo. Pansi pake panali mawu akuti: "Namapopa uyu ali pa Nkando pompano. M'bokosimo muli magazi a anthu. Musamusiye apite." Pamwamba pake panali dzina la wolemba, Jacqueline, ndi kachithunzi kake atavala yunifolomu ya sukulu.

"Ndi akaunti yanga yakale," anatero Jaki. "Simu khadi yake inatayika, pasiwedi ndinaiwala. Nditapita kukoleji ndinangotsegula ina. Sindinadziwe n'komwe kuti muli zimenezi."

"Ndiye akuti bwanji?"

"Akuti ntchitoyi ndi yoyenda m'midzi kutenga anthu magazi. Angatumize bwanji munthu amene dzina lake lili pa uthenga ngati uwu? Ndipo bambo ali pachithunziwo ndi a Mackson. Tsiku lomwelo anthu anawagwira pamsewu, anawamenya, njinga anaiotcha. Lero ndi amene amayang'anira ogwira ntchito m'midzi pabungwe lomweli. Akanakhala bwana wanga."



"Komatu ine nthawi imeneyo ndinali kusukulu, achimwene. Mafoni sankalola. Foni ndinaisiya kunyumba, m'sutikesi ya amayi."

"Wawauza zimenezo?"

"Ndawauza. Akuti ndilembe kalata yofotokoza, ndipo ngati si ine, nditchule amene anali ndi foniyo. Andipatsa mpaka Lachisanu folo koloko. Ikadutsa, ntchito apatsa wina."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analanda pepala lija n'kulipinda kanayi.

"Usadandaule, tifufuza," ndinatero.

Ndinaponda kiki kasanu njinga osalira. Ndinali ndisanatembenuze kiyi.

3

Kwathu nkhani yokhudza mwana wamkazi imaweruzidwa ndi mwini mbumba. Choncho Lachiwiri masana tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kwa amayi, ine pampando, ena onse pamkeka: amayi, mng'ono wawo amene timawatchula amayi aang'ono, mkazi wanga Esther, ndi Jaki.

Amayi maso anali atatupa. "Iwe Luckson, ndiwe mutu wa banja lino. Tipezere mfiti imene yadya ntchito ya mwana wanga."

Tinayamba kuwerenga anthu amene ankagona m'nyumbamo chaka chimenecho. Amayi, omwe foni amangodziwa kuyankha. Ine. Ndi Isake, mwana wa amayi aang'ono, yemwe anapita ku Joni zaka zisanu zapitazo, ndipo nambala yake inasiya kugwira kalekale.

Ndinatsokomola, ndinakonza kolala, ndinalankhula ngati mkulu wa mpingo.

"Ine sindikuloza munthu chala ayi. Koma tonse tikudziwa mmene Isake ankakondera mafoni."

Amayi aang'ono anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Wati chiyani, Luckson? Mwana wanga poti palibe pano, ndiye wasanduka dzala lotayirapo zinyalala? Sindikudziwa ngati ali moyo kapena anafa, iwe ukumusenzetsa mlandu wa magazi?"

"Khala pansi iwe!" anakalipa amayi. "Mwana wakoyo ndi liti anakhalapo wolongosoka? Si yemwe uja anagulitsa wailesi ya malemu?"

Mawu anabala mawu. Zakale zonse zinafukulidwa, mpaka za malire a munda wa chinangwa zomwe zinatha ine ndisanakwatire. Amayi aang'ono anachoka akulira. Patangopita kanthawi anabwerera, osalankhula ndi munthu, n'kugubuduza mtondo wawo kupita nawo kwawo. Mtondo umenewo amayi awiriwa anali atasinjiramo limodzi zaka makumi atatu.

Nthawi yonseyi Jaki ankangothyolathyola kamtengo. Anthu atabalalika anabwera pafupi ndi mpando wanga n'kugwada, monga amachitira.

"Achimwene, ndiye mukuti m'kalatamo ndilembe dzina la Isake?"

"Lemba. Ali kutali, palibe chimene angamuchite."

"Mwatsimikiza?"

"Ndatsimikiza."

"Ndamva," anatero, n'kudzuka.

4

 Lachinayi m'mawa, Esther akutsuka makapu, anayamba kukumbukira.

"A Mackson ajatu ndimawadziwa ine. Ankagula nanazi pabenchi langa ndisanakwatiwe. Munthu waulemu, wosekaseka. Amene anawachita chipongwe chija Mulungu amuone."

"Nanga ukuwatamanda chonchi bwanji, anali amuna ako?" ndinamukalipira.

Esther anandiyang'ana modabwa, kapu ili m'manja. "Abambo a Evance, mwadzuka bwanji kodi lero?"

Ndinatuluka osamwa tiyi.

Lachisanu ndinavala malaya oyera a kwaya. Itakwana fili koloko ndinali nditaima pageti la bungwe lija, mawu onse nditawakonza m'mutu. Mlonda anandifunsa ngati ndikufuna munthu, ndinati ndikudikira kasitomala.

Kenako chitseko cha ofesi chinatseguka, ndipo anatuluka bambo wina wa imvi zapatalipatali, akukoka mwendo wamanzere. Mtsikana wina anamulankhula, iye n'kutembenuza mutu wonse kuti amve ndi khutu lakumanja. Ndinawazindikira a Mackson. 

Nthawi yomweyo kutsidya kwa msewu mayi wina wonyamula mwana anakuwa, "Kabaza! Kuchipatala cha Mishoni!"

Ndinamutenga. Ndinadziuza kuti mwanayo akudwala, ndibwerera msanga. Nditamutsitsa ndinapeza wina wopita ku Chitakale, ndinamutenganso. Folo koloko inandipeza ndili pamzere wothira mafuta, thanki ili yodzaza theka.

Lolemba Jaki analandira uthenga wa mizere iwiri. Bungwe linali kumuthokoza chifukwa cha chidwi chake, ndipo linali kumufunira zabwino zonse.

5

Ndazungulira mokwanira. Ena mwa inu mwaona kale kumene nkhaniyi ikulowera, koma simunaone zonse.

Foni ija m'sutikesi ya amayi ndinkaitenga ndine. Jaki akangopita kusukulu, ndinkaisolola n'kumayenda nayo pakabaza, kuti atsikana a pamsika aziona kuti Luckson ali ndi foni yotsetsereka. Fesibuku inali yotsegula kale m'dzina lake. Yanga ndinalibe, ndipo sindinkadziwa katsegulidwe kake.

Chithunzi chija ndinajambula ndine. Mawu aja ndinalemba ndine, ndi chala changa ichi.

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinachita chifukwa cha mantha, monga ankachitira anthu ambiri chaka chimenecho. Likanakhala bodza. Ine ndinkadziwa bwino lomwe kuti a Mackson amayeza malungo, chifukwa amayi anga omwe anawayezapo. M'bokosi muja ndinkadziwa kuti muli zipangizo za chipatala.

Nkhani inali Esther. Nthawi imeneyo ndinali ndikumufunsira, iye akundizengereza. Ndiye tsiku lililonse la msika bambo uyu ankaimika njinga yake yamoto pabenchi pake, kugula nanazi mmodzi, n'kuima pamenepo mphindi makumi awiri akuseka naye. Ine ndili poteropo pa njinga yakapalasa, thukuta lili kamukamu, malaya ong'ambika pamsana. Nsanje inandidya mpaka m'mafupa.

Ndinkangofuna kuti achite mantha, asiye kubwera pa Nkando. Ndinalemba, ndinatumiza, ndinaika foni m'thumba. Pasanathe ola ndinamva phokoso chakumsewu, kenako ndinaona utsi wakuda. Sindinapiteko. Ndinapalasa kupita kunyumba, ndinazimitsa foni, ndinaibwezera pansi pa zitenje za amayi. Kufufuta uthengawo sindinkadziwa, ndipo kufunsa munthu ndinkaopa.

Apolisi anagwira anyamata angapo amene anaponya miyala. Za chithunzi palibe anazitsata. Chaka chotsatira ndinakwatira Esther, ndipo ndinadziuza kuti nkhaniyo inatha. Ndinaiwala kuti mlandu suwola.

6

Mu Ogasiti Jaki anayamba kugulitsa nanazi pa Chitakale. Mtsikana wa dipuloma, atakhala pa chidebe, akuthamangira mawindo a minibasi. Ndinkazemba njira imeneyo, koma tsiku lina kasitomala anandiimitsa pamaso pa Jaki penipeni.

"Achimwene, khalani pansi ndikusendereni mmodzi," anatero.

Ndinakhala. Anasenda mwakachetechete, n'kundipatsa.

"Anthu aja ndi ouma mtima," ndinayamba, kufuna kutseka chete uja. "Munthu wawapatsa dzina la Isake, akukanabe?"

"Sindinalembe dzina la Isake."

 "Nanga unalemba chiyani?"

"Ndinalemba kuti akaunti ndi yanga, mawu si anga, ndipo amene analemba sindimutchula."

"Iwe Jaki, unapenga? Unataya ntchito chifukwa cha..."

Anapukuta manja pachitenje, anatsegula kachikwama kake, n'kutulutsa pepala lija, lopindidwa kanayi, litayamba kuthetheka m'mapindo. Analiyala pabondo panga.

"Yang'anani pakona apa, pansi."

Ndinayang'ana. Tsiku lija pa filingi siteshoni maso anga anali pa mawu okha. Pakona ya chithunzicho, pafupi kwambiri ndi wojambula, pankaoneka nsonga ya handulo ya njinga, itavala kasokosi ka ulusi wofiira.

"Ndinaluka ndekha timeneti," anatero Jaki. "Ndinadziwa ndisanatuluke n'komwe muofesi muja."

Minibasi inaima, anzake anathamangira, iye sanasunthe.

"Bwanji sunanditchule?" Mawu anga anatuluka ngati a mwana.

"Ndikutchuleni kuti akumangeni? Evance ndi ang'ono ake adye chiyani? Inu munasiya sukulu chifukwa cha ine, zimenezo sindinaiwale." Anapuma kaye. "Koma ndinkadikira kuti munene nokha, achimwene. Pansi pa mtengo paja ndinakufunsani kawiri. Lachisanu lija ndinali m'kati, pabenchi la alendo, kalata ili m'manja. Ndinakuonani pawindo mutaima pageti ndi malaya a kwaya. Mtima wanga unati, abwera achimwene anga. Kenako ndinakuonani mukunyamula kasitomala."

Sanalire. Ndinalira ndine, bambo wa ana atatu, pakati pa msika, nanazi ali m'manja.

7

M'mawa mwake ndinapita kubungwe kuja, ndipo ulendo uno ndinalowa. A Mackson anandilandira muofesi mwawo, anandipatsa mpando pambali pawo. Ndinaweramitsa mutu n'kunena zonse, za foni, za chithunzi, za Esther.

Nditamaliza anandigwira pamkono mwaulemu.

"Pepani bambo, bwerani mbali inoyi. Khutu limeneli silimva chiyambire tsiku limene anandimenya pa Nkando. Mumati chiyani?"

Ndinanyamula mpando, ndinazungulira tebulo, ndinayambiranso poyamba. Ulendo wachiwiriwu ndinayenera kukweza mawu, moti ndi alembi omwe kunja anamva.

A Mackson anayang'ana mwendo wawo.

"Nanazi uja ndinkagulira mkazi wanga," anatero potsiriza. "Anali woyembekezera, sankafuna chakudya china."

Ndinagwada pansi. Ndinati andimange, andichite chilichonse, koma mlongo wanga amupatse ntchito yake.

"Dzukani. Kupolisi sindipita, ndinatopa nazo. Koma ntchito ija tinalemba munthu wina mu Juni, ndipo sindingamuchotse chifukwa inu mwapeza mtima mu Ogasiti. Mlongo wanu ndinamufuna ine pantchito imeneyi, anakhoza kuposa onse. Tsiku lija ndinawapempha anzanga kuti tidikire mpaka faifi koloko, mwina wina abwera." Anatsegula chitseko. "Mukanalowa, bambo."

Madzulo a tsiku lomwelo ndinaitanitsa banja pansi pa mtengo uja. Mpando sindinakhalepo. Amayi aang'ono anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ukamupeze Isake umuuze wekha." Mpaka lero sitikudziwa kumene ali, ndipo mtondo sunabwerere. Esther anapita kwawo miyezi iwiri. Anabwerera chifukwa cha ana, anandiuza yekha choncho.

Inu amene mukuwerenga, makamaka inu achinyamata amene chala chimakuyabwani mukagwira foni, sindine woyenera kukulangizani, koma ndimvereni. Ine ndinkayesa kuti zolemba pafoni zili ngati zonena pabawo, zimapita ndi mphepo. Sizipita. Masiku ano olemba ntchito asanakupatse mpando amayamba alemba dzina lako pakompyuta, ndipo zimene unalemba utapsa mtima zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo amaziwerenga ngati walemba m'mawa uno. Bola likhale dzina lako. Ine ndinabisala m'dzina la mwana amene ndinamulera ndekha, ndipo tsiku limene ankafuna kuti ndilankhule, ndinasankha kunyamula kasitomala. Choyambacho ndinachita ndili mnyamata wopusa. Chachiwiricho ndinachita ndili bambo, nditavala malaya a kwaya, ndipo n'chimene chimandiwawa koposa.

Uthenga uja ukadalipo. Tayesa kuti auchotse, koma popanda simu khadi ija zikukanika. Aliyense wofufuza dzina la mlongo wanga amaupeza, choncho kalata iliyonse yofunsira ntchito amaiphatikiza ndi ina, yolemba ine, yosainidwa ndi dzina langa lonse.

Jaki sanandinyozepo ngakhale tsiku limodzi. Amanditchulabe achimwene, amagwadabe pondipatsa madzi. Koma akakhala ndi kalata yokasiya kuboma, amafika pasiteji pathu pa Nkando, amandipatsa moni mwaulemu wonse, amafunsa za ana, kenako amakwera njinga ya munthu wina.